Zolembedwa pamsana pa IC: chifukwa chake UC3842 yakana kudzutsa kabolodi kanu

Mnyamata wina wa ku Dzivarasekwa ku Harare, amene akuphunzira kukonza zamagetsi, wafunsa motere: "Bambo, ndili ndi kabolodi kokweza magetsi a batire la sola kuchoka pa 12V kufika pa 19V, kamene timatchajira laputopu magetsi akazima. IC yake ya miyendo 8 inapsa. Pamsana pake pali mizere itatu: UC3843BN, kenako zilembo zitatu, pansi pake 1927G. M'tauni anandigulitsa UC3842 n'kundiuza kuti n'chimodzimodzi, koma nditaika, kabolodi kali zii. Kodi anandigulitsa feki? Nanga mizere inayo ikunena chiyani? Palinso kanthu ka miyendo itatu kolembedwa 1A basi, kandizunguza mutu."

Achimwene, musafulumire kunena kuti anakupusitsani. IC (kachipangizo ka miyendo yambiri kokhala ndi circuit yonse pa kasilicon kamodzi m'kati) imene munagulayo ikhoza kukhala yeniyeni ndiponso yamoyo, kungoti si imene kabolodi kanu kamafuna. UC3842 ndi UC3843 ndi zapachibale. Miyendo yake ili m'malo amodzimodzi, ntchito yakenso ndi imodzi: kuyatsa ndi kuzimitsa MOSFET, transistor yogwira ntchito ngati swichi, maulendo masauzande ambiri pa sekondi. Kusiyana kuli pa mlingo wa magetsi umene iliyonse imayambira ntchito. UC3842 siyamba kanthu mpaka magetsi a pa mwendo wa 7 atafika pafupifupi 16V, ndipo imasiya akatsika pansi pa 10V. UC3843 imayamba pa 8.4V n'kusiya pa 7.6V. Tsono batire lanu, ngakhale litamwa dzuwa tsiku lonse, limathera pa 14V ndi kanthu. Pa 16V silifikapo. IC yatsopanoyo yangokhala phee, kudikira magetsi amene sadzabwera.

UC3842 anaipangira matchaja ndi mapawa saplai olumikiza ku magetsi a pakhoma, kumene kufikitsa 16V si nkhani. UC3843 ndiyo ya zinthu zoyendera batire. Musaganizenso kuti popeza 3843 imadzuka msanga ndiye ikhoza kulowa paliponse pamene panali 3842. Mpata wa pakati pa kuyamba ndi kusiya ndi wochepa kwambiri kwa iyo, osakwana 1V, moti pa pawa saplai ya pakhoma ikhoza kumangoyaka n'kuzima osakhazikika. Palinso UC3844 ndi UC3845. Ya 44 imayamba pa mlingo wa 42, ya 45 pa mlingo wa 43, koma ziwirizi sizilola MOSFET kukhala yoyaka kupitirira theka la nthawi. Mukafika ku Mbare n'kufunsa kumene a Phiri amakhala, anthu adzakufunsani kuti a Phiri ake ati. UC384 ndi mfunda chabe, ndipo nambala yomalizayo ndiyo ikuuzani kuti ndi uti.

Mzere wa UC3843BN ndiwo dzina la IC, ndipo pa mizere yonse itatu ndi wokhawo umene mumapita nawo kokagula. Uli ndi mutu, thunthu ndi mchira. Mutu ndi UC, zilembo za kampani ya Unitrode imene inayambitsa banja limeneli, yomwe Texas Instruments inagula mu 1999. Makampani ena amapanga IC yomweyi, ena akusunga UC, ena akuika zilembo zawo, n'chifukwa chake mumaonanso KA3843. N'chimodzimodzi ndi TL494 ya m'mapawa saplai a makompyuta, imene mumaipezanso ikutchedwa KA7500, ngakhale apo ndiye ndi nambala yomwe inasinthidwa. Mitu ina imene muzikumana nayo tsiku ndi tsiku: LM inayamba ndi National Semiconductor, yomwenso Texas Instruments inagula mu 2011, SN ndi TL ndi za Texas Instruments, MC inali ya Motorola, CD inachokera ku RCA, IR ndi IRF ndi za International Rectifier, imene kuyambira 2015 ili m'manja mwa Infineon. Mutu umakuuzani kumene dzinalo linachokera, koma amene anapanga IC imene ili m'manja mwanuyo mumamudziwa ndi kachizindikiro ka kampani kojambulidwa pambali.

Pa thunthu, 3843, nambala yoyamba ija ili ndi nkhani yakeyake imene ambiri saidziwa. Ikunena za kutentha. UC3843 anailonjeza kugwira bwino ntchito mpweya woizungulira ukakhala pakati pa madigiri 0 ndi 70. UC2843 imapirira kuzizira koposa apo ndi kutentha kufika madigiri 85. UC1843 ndi ya zida za asilikali ndi ndege, kuchokera pa -55 kufika pa 125. Kachitidwe kameneka kali paliponse. LM358, LM258 ndi LM158 ndi op-amp (IC yokulitsa signal) imodzi m'magiredi atatu. IC yotchuka ya 555, imene Hans Camenzind anakonza ndipo Signetics inayamba kugulitsa mu 1972, imabwera ngati NE555 ya wamba ndi SE555 yopirira kwambiri. Ma IC a 74 ali ndi anzawo a 54. Kuno ku Harare mbali ya kuzizira isakusowetseni tulo, ngakhale m'mawa wa mu Julaye. Mbali ya kutentha ndiyo yofuna kuganizira, chifukwa madigiri 70 amenewo ndi a mkati mwa bokosi, pafupi ndi heat sink, ndipo bokosi la inverter lotsekeredwa m'chipinda cha malata mu Okutobala si malo ozizira. Ya giredi yapamwamba ikhoza kulowa m'malo mwa ya wamba popanda vuto. Mukapeza UC2843 pamtengo womwewo, tengani.

Mchira ndi BN. B akusonyeza kuti ndi mtundu wokonzedwanso, ndipo mudzaonanso A. Pa kabolodi ngati kanu A ndi B zimalowana. N akunena za thupi: pulasitiki ya miyendo yolowa m'mabowo, imene timaitcha DIP. Apa ndiye pamene makampani samvana. Kwa ena DIP ndi N, kwa Texas Instruments kawirikawiri ndi P, moti LM358N ndi LM358P ndi chinthu chimodzi. D nthawi zambiri ndi SOIC, yomata pamwamba pa bolodi, koma pa banja la UC384x pali SOIC ya miyendo 8 ndi ina ya miyendo 14, ndipo mukaitanitsa ndi dzina losakwanira mudzalandira yosalowa. R wakumapeto, monga pa NE555DR, amangonena kuti anazilongedza pa tepi yokulunga ya makina a fakitale. Pa IC penipenipo salembedwa n'komwe.

Mzere wachiwiri, wa zilembo zitatu, ndi wa fakitale: kumene IC inamangidwira ndi gulu la silicon limene inachokera. Iwo amaugwiritsa ntchito polondola katundu akapezeka ndi vuto. Inu mukaulemba pa Google mungotaya data.

Wachitatu, 1927G, ndi tsiku lobadwa. Manambala awiri oyamba ndi chaka, awiri otsatira ndi sabata: 2019, sabata ya 27, cha kumayambiriro kwa Julaye. Si makampani onse amalemba motero. Pa tima IC tating'ono chaka chimakhala nambala imodzi, ndiye 9 akhoza kukhala 2009 kapena 2019, ndipo Texas Instruments pa ma IC ambiri imalemba chaka ndi mwezi, miyezi itatu yomaliza n'kukhala A, B ndi C. Amene amakonza zida zakale kwambiri amadziwa msampha wa chaka cha 1974. IC yopangidwa chaka chimenecho imakhala ndi deti ngati 7432, pamene 7432 ndi dzinanso la IC ina ya banja la 74. Munthu amatha kuona manambala awiri oyamba ndi 74 pa IC imodzi osadziwa kuti dzina ndi liti. Deti ili ndi phindu lina: ma IC onse a pa bolodi akakhala a 2019 koma imodzi ya 2023, dziwani kuti wina anagwirapo kale pamenepo, ndipo yambani kufufuza pomwepo.

G wakumapetoyo, pa ma IC a ON Semiconductor amene amalembedwa m'mizere itatu ngati yanuyi, akutanthauza kuti miyendo ilibe mtovu. Zimenezi zinafala lamulo la ku Ulaya la RoHS litayamba kugwira ntchito mu Julaye 2006. Ena amalemba PbF, ena kachilembo e ndi nambala, monga e3 kapena e4, kosonyeza chitsulo chimene anakutira miyendo. Pa kagwiridwe ka ntchito ka IC palibe chimene zimasintha. Zimakukhudzani pa ayironi basi: solder ya mtovu imasungunuka pa madigiri 183, yopanda mtovu pafupifupi 217, ndiye pa mabolodi atsopano musadabwe mwendo ukamakanirira. Dzina la dziko likalembedwa, monga Malaysia, Philippines, Thailand kapena China, nthawi zambiri ndi kumene anaiikira m'thupi lake la pulasitiki, osati kumene silicon yake inapangidwira, ndipo silikuuzani ngati IC ndi yabwino kapena ayi.

Zimene zakuchitikirani ndi 42 ndi 43 zidzakuchitikiraninso kwina ngati simuzolowera kuwerenga dzina mpaka kumapeto. 7805 imatulutsa 5V ya positive, 7905 ya negative, ndipo miyendo yake siyenderana: pa 7805 ndi kulowa, ground, kutuluka, pamene pa 7905 ground ndiye woyamba. Chilembo chapakati chimanena mphamvu, 78L05 imathera pa 100mA, 78M05 pa 500mA, pamene 7805 imanyamula 1A kapena kuposerapo ikakhala ndi heat sink. Pa AMS1117, manambala a pambuyo pa kamzere ndiwo magetsi otuluka, 3.3 kapena 1.8 kapena 5.0. IRFZ44N ndi IRLZ44N zimasiyana chilembo chimodzi, koma ya L imatseguka mokwanira ndi 5V pa gate, mwendo woiyatsira, pamene ya F imafuna pafupifupi 10V, ndipo mukaipatsa ochepa imatseguka theka n'kumatentha mpaka kupsa.

Pamene ndimaona anthu akuluza ndalama zambiri ndi pa tima IC ta miyendo 8 tosunga pulogalamu, timene aliyense wokonza ma TV ndi malaputopu, kaya ku mashopu a ku Gulf Complex m'tauni kaya pakhonde kunyumba, amatizula ndi kutilembanso tsiku lililonse. Tengani 25Q64JVSIQ ya Winbond. Choyamba, W wa pa dzina lonse, W25Q64JV, salembedwa pamsana. Chachiwiri, 64 ameneyo ndi ma megabit, osati ma megabyte. Gawani ndi 8, mupeza 8MB. Fayilo ya BIOS (pulogalamu yodzutsa laputopu) ya 16MB siingalowe m'menemo, imafuna 25Q128. N'chimodzimodzi 24C02, imene ndi ma kilobit awiri, kutanthauza ma byte 256 okha. Chachitatu, ndipo ichi ndicho chimapha, JV imayendera 3V pamene JW ndi FW zimayendera 1.8V. Kwa Macronix, MX25L ndi ya 3V, MX25U ya 1.8V. Kwa GigaDevice, GD25Q ndi ya 3V, GD25LQ ya 1.8V. Mukaika ya 1.8V pa programmer ya CH341A popanda adapter yotsitsa magetsi, mukuseweretsa IC pamodzi ndi pulogalamu imene ili m'kati, yomwe mwina simungaipezenso kwina kulikonse. Malaputopu ambiri a masiku ano ali ndi ya 1.8V. Ine ndimati musanaigwire ndi clip, werengani zilembo zosonyeza magetsizo.

Ma microcontroller nawonso amalemba zonse m'dzina. STM32F103C8T6: C ndi miyendo 48, 8 ndi flash ya 64KB, T ndi thupi la LQFP, 6 ndi madigiri -40 kufika 85. Ikakhala CB m'malo mwa C8, flash ndi 128KB. ATmega328P-PU ndi ya DIP, ya AU ndi yomata pamwamba. Koma dziwani kuti microcontroller yatsopano imabwera yopanda kanthu m'kati. Ya mu inverter kapena mu charge controller ikapsa, kugula ina ya dzina lomwelo sikudzutsa chipangizocho, chifukwa chimene chinapsa nacho ndi pulogalamu ya kampani, ndipo nthawi zambiri anaitseka kuti isakopedwe. Pamenepo njira ndi kupeza bolodi ina yofanana imene inafera pena.

Ma transistor a ku Japan ali ndi chizolowezi chodula dzina. Mukaona C945, D882, C5200 kapena A1943, onjezani 2S kutsogolo: 2SC945, 2SD882, 2SC5200, 2SA1943. A ndi B ndi PNP, C ndi D ndi NPN, K ndi FET ya N-channel, J ya P-channel. A ku Ulaya amayamba ndi zilembo ziwiri, monga BC547, B wakeyo kusonyeza silicon, ndipo A, B kapena C wakumapeto ndi gulu la gain. C945 ndi BC547 zikhoza kugwira ntchito yofanana, koma miyendo yake si yofanana: base wa BC547 ali pakati, wa C945 ali kumphepete.

Tsopano kanthu kanu ka 1A. Pa thupi laling'ono ngati SOT-23 dzina lonse silikwana, ndiye kampani imangolemba kodi ya zilembo ziwiri kapena zitatu. Vuto ndi loti palibe bungwe limene limagawa makodi amenewa. Kampani iliyonse imasankha yokha, moti kodi imodzi imatha kuimira zinthu zingapo zosiyana kotheratu. 1A kwa makampani ena ndi MMBT3904, kwa ena ndi BC846A. Inu muli ndi mwayi, chifukwa zonsezi ndi ma transistor a NPN a miyendo yofanana. Kusiyana kwake n'koti 3904 imapirira 40V ndi 200mA pamene BC846A imapirira 65V ndi 100mA, ndipo pa kabolodi ka 12V kupita 19V mbali ya magetsi zonse zikukwana. Mwayi umenewo sudzakhalapo nthawi zonse. Choncho kodi isakhale umboni wanu wokhawo. Yang'anani chilembo chosindikizidwa pa bolodi pambali pake: Q ndi transistor kapena MOSFET, D ndi diode, U kapena IC ndi IC. Werengani miyendo ndi kuyeza kukula kwa thupi, chifukwa SOT-23 ndi SOT-323 zimafanana maonekedwe koma ina ndi yaing'ono. Kenako ikani mita pa diode. Ngati ndi NPN yamoyo, waya wofiira ukakhala pa base mudzawerenga pakati pa 0.6 ndi 0.7 popita ku miyendo ina iwiriyo, ndipo mukatembenuza mawaya simudzawerenga kanthu. Kuti mutsimikize bwino, kazuleni kaye pa bolodi. Mukatero ndiye pitani pa mndandanda wa makodi a SMD (tizipangizo tomata pamwamba pa bolodi) pa intaneti, muone dzina limene likugwirizana ndi zonse zimene mwapezazo.

Makodi ena mudzawaloweza osafuna, chifukwa ali m'matochi, m'mawailesi ndi m'magetsi a sola amene adzaza m'nyumba zathu chiyambire kuzimazima kwa magetsi. J3Y ndi S8050, 2TY ndi S8550, 2A ndi MMBT3906, A7 ndi BAV99, imene ndi ma diode awiri m'thupi limodzi, 662K ndi regulator ya 3.3V, A1SHB ndi MOSFET ya P-channel pamene A2SHB ndi ya N-channel. Chilembo china chowonjezera, makamaka chikakhala chogona cham'mbali kapena chotalikirana ndi zinzake, kawirikawiri ndi deti kapena fakitale. Pa 431 pokha samalani. TL431 ndi TL432 za SOT-23 ndi chinthu chimodzi m'kati koma miyendo iwiri inasinthanitsidwa, ndipo makampani ena amalemba 431 pa mitundu yonse iwiri. M'mafoni nkhani ndi yomweyi pamlingo wina: Micron salemba dzina lonse pa ma IC ake a memory, amalemba kodi ya zilembo zisanu, monga yoyamba ndi D9, ndipo pa webusaiti yawo pali pomasulira kodiyo kukhala dzina lenileni.

Pali chizindikiro china chimene si chilembo koma chimaposa zilembo zonse, chosonyeza mwendo woyamba. Pa DIP ndi kamphako kumutu kapena kadontho pakona. Mukaiyang'ana kumsana, kamphako kali kumwamba, mwendo wa 1 ndi wakumanzere kumwamba. Muziwerenga chotsika mbali ya kumanzere, n'kuwolokera kumanja, kukwera. Pa ma IC akuluakulu pamakhala timaenje tina tosaya, totakata, timene ndi zipsera za chikombole cha fakitale. Kadontho ka mwendo woyamba kamakhala kakang'ono ndi kozama. SOIC ina ilibe dontho, m'malo mwake mbali imodzi ya thupi ndi yosendeka, ndipo mwendo wa 1 uli mbali imeneyo. Musadalire kumene zilembo zayang'ana. Musanazule IC yakale, jambulani ndi foni.

Zilembo zikamavuta kuoneka, pukutani ndi isopropyl, kenako walitsani tochi cham'mbali, osati pamwamba. Zilembo za laser ndi zokumbika, ndiye kuwala kopendekera kumazitulutsa. Zikakanabe, pakani pang'ono phala loyera la pa heat sink kapena fumbi la choko n'kupukuta, zotsalira zimakhala m'zilembomo. Chenjerani ndi 8 ndi B, 5 ndi S, 0 ndi D, 1 ndi I. Posaka datasheet, chikalata cha kampani chofotokoza zonse za IC, dzina lonse likapanda kutuluka, dulani mchira chilembo chimodzichimodzi. Mukaipeza, pitani cha kumapeto kwake, kumene makampani ambiri amajambula IC n'kufotokoza tanthauzo la mzere uliwonse wa pamsana. Masamba amenewo ambiri amawadumpha, chonsecho yankho la funso lanu lonse lili m'menemo.

Za feki zija, zilipo ndithu, ndipo zinachuluka nthawi imene ma IC anasowa padziko lonse kuyambira 2020 mpaka cha mu 2022. Njira yofala ndi kupala msana wa IC yakale kapena yotchipa, kupakapo utoto wakuda, n'kulembapo dzina la yodula. Nyowetsani kathonje ndi acetone, amene amachotsera penti wa m'zikhadabo, mupukute mwamphamvu. Pulasitiki yeniyeni siisungunuka. Thonje likada bii ndipo pansi pakaoneka timizere ta sandpaper, mwaigwira. Koma ma IC akale olembedwa ndi inki amatha kufufutika ngakhale ali enieni, ndiye kufufutika kwa zilembo kokha si mlandu. Yerekezani msana ndi mimba: msana ukakhala wosalala kapena wonyezimira mosiyana ndi pansi, kapena kadontho ka mwendo woyamba kakakhala kosaya ngati kakwiririka, kaikirani. Deti nayo imaulula. Chaka chilibe sabata ya 60. Chizindikiro cha Motorola pa IC ya deti ya 2015 n'chosatheka, popeza Motorola inalekana ndi mbali yake yopanga ma IC kalekale, gawo lina n'kukhala ON Semiconductor mu 1999, lina Freescale mu 2004. Cha Philips n'chimodzimodzi, chinasanduka NXP mu 2006. Ma IC khumi a deti ndi gulu limodzi koma olembedwa mayiko osiyana pansi pake, nawonso ndi okayikitsa.

Zimene zimabedwa dzina kwambiri ndi zonyamula mphamvu, ma MOSFET ngati IRF3205 a mu inverter ndi ma transistor a 2SC5200 a mu amplifier, chifukwa kasilicon kakang'ono kamayezeka bwinobwino pa mita, n'kudzapsa tsiku limene mwalumikiza firiji. IRF3205 yeniyeni ikatseguka imakhala ndi resistance ya mamiliohm 8 okha, imene mita wamba singayeze. Mukagula ambiri, perekani imodzi nsembe, muiswe ndi pulayazi, muyerekeze kukula kwa silicon ndi ya yakale imene munazula. Tisiyanitsenso feki ndi yofanana nayo. GD32 kapena APM32, ma microcontroller ofanana ndi STM32, zolembedwa dzina lake ndi katundu woona wa makampani ena. Chinyengo chimayamba wina akafufuta dzinalo n'kulembapo STM32. Kunena zoona, ine MOSFET yozulidwa pa UPS yakale ya ku msika wa Magaba ku Mbare ndimaikhulupirira kuposa yonyezimira yamtengo wotsika modabwitsa. Silicon siikalamba ngati capacitor, deti ya 2008 isakuopseni.

Mudzakumananso ndi IC yopalidwa dala ndi amene anapanga chipangizocho, kuti anzawo asakope. Imeneyo si feki. Mumaizindikira polondola miyendo: uti ukupita ku ground, uti ku magetsi, uti ku gate, n'kuyerekeza ndi ma datasheet a ma IC amene amagwira ntchito yotero. Ya kadontho kakuda konga phula komatidwa pa bolodi ilibe dzina ndipo siisinthika.

Kubwerera ku kabolodi kanu, IC ya banja limeneli mukhoza kuiyeza musanaiwotcherere, ndipo kuyeza komweko kudzakuuzani ngati 3843 imene mukagule ilidi 3843. Ikani negative ya batire pa mwendo wa 5, positive pa mwendo wa 7, mita pa mwendo wa 8. Mwendo wa 8 ndi wotulutsa 5V IC ikadzuka. Ya 3843 idzaonetsa 5V pa batire la 12V. Ya 3842 idzaonetsa ziro mpaka mutaipatsa oposa 16V; iyeseni ndi tchaja ya laputopu ya 19V, ikaonetsa 5V ndiye kuti ndi yamoyo, isungeni, idzakuthandizani pa tchaja ya pakhoma. Ikalembedwa 3843 koma n'kukana kudzuka pa 12V, bwererani nayo kumene munagula.

IC imeneyi kawirikawiri siifa yokha. Nthawi zambiri MOSFET ndiyo imayamba kuchita short, magetsi n'kubwerera kudzera pa gate kukapsereza mwendo wa 6. Musanaike yatsopano, zulani MOSFET muiyeze pakati pa miyendo yonse itatu. Yezani resistor yaing'ono ya pakati pa mwendo wa 6 ndi gate, komanso resistor ya ma ohm ochepa kwambiri ya pansi pa source, imene imalumikizana ndi mwendo wa 3. Imeneyo ikaduka, IC yatsopano idzaona ngati current yachuluka n'kumazimitsa MOSFET nthawi yomweyo, ndipo mudzaganizanso kuti mwagula feki. Onaninso diode yotulukira magetsi. Popeza yanu ndi ya DIP, wotchererani socket ya miyendo 8 m'malo mowotcherera IC mwachindunji. Poyatsa koyamba, ikani babu la galimoto la 12V pakati pa batire ndi kabolodi, laputopu isanalumikizidwe. Babulo likawala kwambiri osazima, short ikadalipo. Likangothwanima kamodzi n'kuzilala, yezani potulukira, muone 19V, kenako chotsani babu mulumikize laputopu.